Dzimbiri pa Tsaya la Mwini Dziko

Tinafika ku Mzuzu pa lole ya katundu, ine nditakhala pa matiresi opinda, amuna anga atafumbata wailesi pamiyendo kuti isanyowe. Chinali chaka chimene aphunzitsi ochokera kumpoto anauzidwa kuti aliyense abwerere kwawo. Amuna angawo anali a ku Nkhata Bay, ine wa ku Ntcheu, ndipo chibadwire ndinali ndisanadutsepo Kasungu. Kwathu kuja anali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, munthu amene makolo ankamuvulira chipewa pamsika. Ana athu awiri tinawasiya ndi mayi anga. Tinati tikapeze kaye pokhala, kenako tidzawatenge.

Tinkayesa kuti akangoonekera ku ofesi awapatsa sukulu ina. Koma panali nkhani imene inatitsatira m'mbuyo ngati galu. Tisanasamuke, tsiku lina anakana kutulutsa atsikana a Sitandade 8 m'kalasi kuti akaphunzire nyimbo za chipani, poti mayeso anali atayandikira. Wina anaisunga nkhaniyo, ndipo inafika ku Mzuzu ife tisanatsitse n'komwe katundu. Ku ofesi anawauza kuti adikire, asatuluke m'tauni mpaka nkhani yawo itaunikidwa, ndipo azikaonekera sabata iliyonse. Sanawamange, sanawachotse ntchito, komanso sanawapatse kalasi. Anangowatsamiritsa pakhoma ngati njinga yophwa matayala.

Tinkakhala ku Ching'ambo, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya alamu anga, mlongo wawo wamkulu. Alamu anali mayi wamasiye, wosoka zovala pakhonde, wosakonda zolankhulalankhula. Ndi amuna anga ankalankhula Chitonga, panja anthu ankalankhula Chitumbuka, ndipo ine zonse ziwiri ndinkangozimva ngati madzi akuyenda mumtsinje. Ndikapita kumpopi n'kupereka moni m'Chichewa changa cha ku Ntcheu, amayi ankayankha bwinobwino, "Yewo, mama," koma nkhani imene ankakamba inkathera pomwepo. Patapita nthawi alamu anandiuza chifukwa chake: ena ankaganiza kuti ndine khutu la boma. Ndinaseka mpaka misozi. Boma linkakayikira amuna anga, anansi ankakayikira ine, ndipo awirife tinkagona m'chipinda chimene ukatambasula manja unkakhudza khoma ndi chitseko.

Ching'ambo ndi dambo. Mvula ya ku Mzuzu simagwa n'kupita ngati ya kwathu. Imakhalitsa, imawaza, imasiya pang'ono n'kuyambiranso, zovala n'kumanunkha chinyezi zili pachingwe. Tsiku lina masana inagwa yamphamvu, madzi anasefukira m'ngalande n'kulowa pansi pa chitseko mpaka kutifika m'akakolo. Tinakweza matiresi, wailesi ndi mabuku patebulo, koma chitini china chimene chinali pakona, pansi pa bedi, tinachiiwala. Tinachikumbukira patapita masabata, nditawerama kuti ndikolope.

Chitinicho chinali cha apongozi anga aamuna, amene anamwalira ine ndisanakwatiwe. Anagwira ntchito nthawi yaitali m'mahotela a ku Joni ndi ku Halale, kuperekera azungu zakudya patebulo, ndipo ankasunga kobiri la mtundu uliwonse umene unadutsa m'manja mwawo. Sizinali ndalama zoti n'kugulira kanthu, nthawi yake inali itatha kalekale. Munali makobiri oboola pakati okhala ndi njovu ziwiri zitaimirira, ena ocheperapo a nyamalikiti, ena aakulu a ku Joni okhala ndi sitima ya pamadzi, ndi kena kakang'ono kwambiri ka timbalame tiwiri. Onse anali amkuwa. Titatsegula tinapeza madzi akuda ali pansi, makobiri atamatirirana, atachita dzimbiri lobiriwira ngati ndere. Amuna anga, amene sanadandaule tsiku limene anawalanda sukulu, anakhala pansi pa simenti yonyowa n'kugwira mutu.

Kuyambira tsiku limenelo anapeza ntchito. Anatenga timbale ta makapu anga a tiyi, amene ndinalandira pa ukwati, n'kutindandalika pawindo. M'tina anathira madzi a mvula otchera m'beseni, ati a kumpopi ali ndi mankhwala. M'tina anathira mafuta a makina osokera opempha kwa alamu, ndipo amenewo akatha ankalowa m'botolo langa la mafuta ophikira. Kobiri linkayamba lakhala m'madzi, kenako alipukute ndi kansalu kofewa, liume, n'kulowa m'mafuta masiku ambiri kuti dzimbiri lifewe. Likafewa ankalichotsa pang'onopang'ono ndi munga wa mtengo wa mandimu, dzanja lina atagwira galasi lokulitsa zinthu limene kale ankaphunzitsira sayansi. Singano ankaikana, ati imakanda mkuwa. Kobiri limodzi linkatha kuwadyera m'mawa wonse.

Ine, munthu wozolowera kukwecha mapoto, zimenezi zinkanditopetsa kuziona.

"Bambo," ndinatero tsiku lina, "bwanji osangofinyira mandimu n'kuthira mchere? Pofika masana onse akhala atawala."

Anasankha kobiri limodzi la njovu, poti a mtundu umenewo analipo angapo, n'kuliponya m'kapu ya madzi a mandimu ndi mchere. Litatuluka linali loyera ndithu, koma lofiira motumbuluka ngati nyama yosendedwa chikopa, njovu zija zitafufutika m'mphepete.

"Mwaona? Mandimu sasankha. Amadya dzimbiri, amadyanso kobiri lomwe."

Anandionetsanso kuti dzimbiri lili pawiri. Lina ndi lakuda, losalala, lolimba, ndipo limenelo ndi khungu la kobiri, sulichotsa. Lina ndi lobiriwira motuwa, lonyenyeka ngati ufa. Limenelo ndi matenda. Limadya mkuwa kunsi kwake, ndipo ukalichotsa umapeza dzenje.

Munthu amene ankatiyendera kawirikawiri anali a tcheyamani a nthambi ya chipani m'dera lathu. Anali bambo wachikulire, wamfupi, wa jekete imodzi yokhala ndi baji pachifuwa, ndipo nyumba yawo inali kutsidya kwa ngalande. Akazi awo anali atamwalira. Aliyense ankadziwa kuti anauzidwa kuti aziyang'anira amuna anga, ndipo iwonso ankadziwa kuti ife tikudziwa. Ankabwera dzuwa litapendeka, "Odi, odi! Monire, asambizgi," ndi mmene ankaitanira mphunzitsi m'chilankhulo chawo, n'kukhala pa mpando wathu umodzi wokhawo, ine n'kuteleka tiyi. Sindinganene kuti anali munthu woipa. Ankakonda kukamba za nyamakazi yawo, ndi za mwana wawo wa ku Lupaso amene sankabwera kudzawaona. Koma mawu alionse tinkayamba tawayeza mkamwa tisanawatulutse, ndipo akachoka aliyense ankabwereza mumtima zimene wanena.

Makobiri aja anawasangalatsa. Ankabwereka galasi n'kumayang'ana njovu zija, akuseka ngati mwana, n'kumafotokoza mmene ankawatungira pachingwe ali mnyamata. Ndiye tsiku lina anabwera ndi kanthu atakulunga m'kampango.

"Asambizgi, inenso ndili nako kanga. Mundithandize."

Kanali kandalama ka matambala awiri, ka mkuwa, ka mtundu woyamba umene unatuluka dziko litasiya mapaundi ndi masheleni n'kuyamba makwacha. Anati anakalandira ndalamazo zitangotuluka kumene, anakaboola ndi msomali cha pamwamba, n'kumayenda nako pa waya wa makiyi zaka zambiri, kuti aliyense aone kuti iwo sasiyana ndi mwini dziko. Umu ndi mmene tinkamutchulira mtsogoleri, dzina lake silinali lotchula wamba. Kenako kandalamako kanasowa. Madzi aja atagumula khoma la khitchini yawo, anakapeza m'matope, pamalo pamene pankakhala mtsuko.

"Mwamva kuti mwini dziko akubwera kudzaona mbewu," anatero. "Ndikufuna tsiku limenelo ndidzakavale pa jekete. Kawale, asambizgi. Kawale chomene."

Amuna anga anakatembenuza. Mbali ina kunali kambalame ka mchira wautali, kakuoneka ndithu. Mbali inayo kunali mutu wa mwini dziko, ndipo pankhope penipeni, kuyambira padiso kutsikira patsaya, panali chotupa cha dzimbiri lotuwa lija, lonyenyeka. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwawo ndi ketulo m'manja.

"Ndiyesa, a tcheyamani. Koma zimenezi zimatenga nthawi."

"Yewo chomene. Nthawi ilipo."

Mwana wa lero angafunse kuti vuto linali pati. Masiku amenewo nkhope imeneyo inali pakhoma la sitolo iliyonse ndi pa nsalu zimene tinkavala povina, ndipo panalibe chithunzi chimene chinkaloledwa kupachikidwa pamwamba pake. Tinkamva za anthu amene anatengedwa chifukwa chokulunga usipa m'nyuzipepala yokhala ndi nkhope imeneyo. Kaya zinali zoona kaya ayi, tonse tinkazikhulupirira. Tsono munthu amene nkhani yake inali kale ku ofesi, abweze kandalama kali ndi dzenje padiso la mwini dziko, atakatokosa yekha ndi munga? Kapena akabweze osatsuka, anthu amve kuti mphunzitsi uja amakhalira kutsuka mitu ya mafumu a azungu tsiku lonse, koma nkhope ya mwini dziko wakana?

A tcheyamani atachoka, alamu analowa, anasuzumira m'dzanja la mlongo wawo, n'kufunsa m'Chichewa kuti inenso ndimve: "Mwalandiriranji?"

"Ndikanakana bwanji?"

Kandalamako kanalowa m'kambale kakekake ka mafuta, kumapeto kwa windo, ndipo chipinda chathu chinachepanso kuposa kale. Ndikamapukuta fumbi ndinkakalambalala. Ndikadzuka, chinthu choyamba kuchiona chinali chimenecho.

Sabata yomweyo msuweni wanga woyendetsa lole anadutsa ku Mzuzu. Anandiuza kuti mayi akudwala, miyendo yatupa, kudimba sakupitanso, ndipo amene akuphika ndi mwana wanga wamkazi, amene anali asanafike msinkhu wonyamula ndowa yodzaza. Ndinalongedza kachikwama tsiku lomwelo. Koma amuna anga atakatchula za ulendowo ku ofesi, munthu wa kumeneko anawafunsa akumwetulira ngati mkazi akutsogola kukakonza njira, poti kwathu ndi m'malire, ukangodumpha msewu uli m'dziko la eni. Ndinapita ndekha kwa a tcheyamani.

"Mama, pepani chomene," anatero. "Koma inu muli m'gulu la amayi ovina. Mukasowa tsiku lobwera mwini dziko adzafunsa ine, ndipo ine ndidzayankha chiyani? Mlendo adutse kaye, sono mudzapita ndi mtendere."

Ndinamasula kachikwama kaja. Masana aliwonse ndinkapita pabwalo la sukulu kukaphunzira nyimbo, matope ali m'miyendo, ndikuomba m'manja ndi kumwetulira, chifukwa amayi otsogolera ankayang'ana mapazi ndi nkhope zomwe.

Kunyumba tinayamba kukangana, monong'ona, poti khoma linali lopyapyala.

"Sinthani," ndinatero. "Tindalama ta matambala awiri tili mbwee pamsika. Boolani kena muwapatse."

Anayesa. Anapeza kena kofanana, anayala chiguduli pansi kuti phokoso lisamveke, n'kukaboola ndi msomali. Bowo latsopanolo linatuluka lozungulira, lonyezimira, lakuthwa m'mphepete. La a tcheyamani linali litadyeka ndi waya mpaka kutalika ngati njere ya nkhaka, losalala. Munthu amene anakasisita m'thumba zaka zonsezo akanadziwa ndi chala chokha, osayang'ana n'komwe. Tsono tinakhala ndi tindalama tiwiri toboola m'malo mwa kamodzi, ndipo kachiwiriko anakakwirira pansi pa nthochi.

"Ndiye nenani kuti kasowa."

"Ndataya nkhope ya mwini dziko? M'chipinda chino, mmene ngakhale singano singasowe?"

"Auzeni zoona, kuti pansi pake pali dzenje."

"Adzandifunsa kuti ndadziwa bwanji ndisanaone. Adzati ndi zimene ndikufuna kuti zikhalepo."

"Mukanangowasiya makobiri a bambo anu aja awole, bwenzi zonsezi kulibe."

Anatenga galasi lawo n'kutembenukira kuwindo.

Anayamba ndi mbali ya mbalame. Inatuluka bwino, nthenga iliyonse ya mchira ikuoneka. A tcheyamani akabwera ankawaonetsa mbali imeneyo, kandalama kali m'mafuta momwemo, osakatembenuza.

"Nanga kumaso?"

"Kukufewa, a tcheyamani. Kumaso sitithamangira."

"Enya, enya," anavomera. "Pamafunika ulemu."

Koma masiku ankatha. M'misewu ya m'tauni anayamba kupaka njereza miyala ndi mitengo, ana a sukulu akutchetcha udzu m'mbali. Tsiku lina a tcheyamani anamwa tiyi wawo, ndipo potuluka anati, osaseka, "Mawa ndidzatenga."

M'mawa mwake kunali chifunga. Amuna anga anadikira mpaka kuwala kutakwanira, anakathyola munga watsopano, anasamba m'manja ngati akufuna kudya. Ine kumpopi sindinapite. Ndinakhala pabedi ndikuyang'ana msana wawo. Panalibe chomveka koma makina a alamu pakhonde. Chotupa chija sichinavute n'komwe. Mafuta anali atachifewetsa, ndipo chinanyamuka chonse pamodzi ngati nkhanambo ya chilonda. Kenako anandipatsa galasi.

Diso panalibe. Pamene panayenera kukhala diso panali dzenje lofiira, lokumbika, ndipo kuchokera pamenepo mzere wa timaenje unkatsika patsaya mpaka kuchibwano. Chipumi, khutu, kolala ya jekete, zilembo za m'mphepete, zonse zinali bwinobwino, zoyera, ndipo kuyera kwakeko n'kumene kunachititsa kuti dzenjelo lioneke ngati munthu walikumba dala.

Ndinaitana alamu. Anayang'ana kamodzi, ananena mawu amodzi m'Chitonga, n'kupita kukalowetsa makina awo m'nyumba, ngakhale mvula sinkagwa. Amuna anga anavala malaya oyera, pamwamba majuzi awiri, n'kuika mswachi m'thumba la buluku. Ndinadziwa kuti akukonzekera kutengedwa.

A tcheyamani anafika masana.

"Odi! Zatheka, asambizgi?"

Kandalama kanali patebulo, pa kansalu koyera, nkhope ili m'mwamba. Amuna anga anawapatsa galasi. A tcheyamani anawerama akumwetulira, ndipo ndinaona kumwetulirako kukuzilala pang'onopang'ono. Anaika galasi pansi, anatikita m'maso, analitenganso.

"Mwachita chiyani?"

"Ndachotsa dzimbiri. Dzenjelo linalipo kale kunsi kwake. Chinyezi ndi chimene chinadya."

"Chinyezi." Anabwereza mawuwo ngati akuwalawa. "Asambizgi, chinyezi sangachiitane ku ofesi kuti chikayankhe."

"Ndikudziwa."

Ndinati basi, zatha. Ndinayamba kuganiza kuti ana adzawauza ndani. Koma a tcheyamani sanadzuke. Anakhala akuyang'ana kandalamako, manja ali pamaondo.

"Akandifunsa kuti kanali kuti zaka zonsezi," anatero motsitsa mawu, osayang'ana aliyense wa ife, "ndidzati m'matope, pansi pa mtsuko. Akandifunsa amene anakhoma msomali pamutu..."

Sanamalize. Amuna anga anakankhira kansalu kaja kwa iwo. A tcheyamani anabweza manja ngati awapatsa khala la moto.

"Yayi. Ine aka sindingayende nako."

"Ndi kanu, a tcheyamani."

"Yayi, yayi."

Kandalama kanatsala pakati pa atatufe, tiyi akuzizira. Kunja mwana wina ankalira, nkhuku za alamu zinkapalasa pakhomo. Kenako a tcheyamani anafunsa, monga munthu wopempha mchere kwa mnansi:

"Kodi zobiriwira zija simungazibwezerepo?"

Amuna anga anatola kandalamako.

"Zingatheke. Nsanza yonyowa ndi mchere. Koma sizifulumira."

"Chitani. Kakabiriwira ndidzatenga."

Anaimirira osakhudza kapu. Atafika pachitseko anatembenukira kwa ine. "Mama, lero kuno sindinabwere."

Tinakakulunga m'nsanza ya mchere n'kukaika pansi pa bedi, pakona yonyowa ija. Amuna anga anavula juzi imodzi, mswachi n'kuubwezera m'kapu. A tcheyamani sanalowenso m'chipinda chathu. Tikakumana ankangokweza dzanja ali kutsidya kwa ngalande. Kandalama kaja kanayamba kubiriwira, koma mwini wake osabwera. Kukataya sitikanatha, poti mwina tsiku lina akanakafuna. Kukasunganso kunali kuopsa, poti anthu a nkhani ngati ya amuna anga ankatha kuwafikira nthawi iliyonse n'kutembenuza matiresi. Makobiri a apongozi, otsuka ndi osatsuka omwe, amuna anga anawapukuta, anakulunga lililonse m'kapepala, n'kutseka chitini. Timbale tanga tinabwerera pashelefu. Iwo ankakhalabe pawindo pomwe paja m'mawa uliwonse, koma tsopano manja ali chabe. Ndinapeza kuti kuwaona choncho kunali kovuta kuposa kuwaona akutha mafuta anga.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mlendo afike, tinali titatsegula wailesi masana, nthawi ya mauthenga a maliro. Ine ndinali panja ndikutsuka mbale. Alamu ndi amene anamva dzina la mudzi wathu, kenako dzina la mayi, kenako langa, kuti kulikonse kumene ndili ndifulumire, mwambo ndi mawa. Anabwera n'kundilanda mbale m'manja, n'kukhala nane pansi pomwepo, pamatope.

Ndinawoloka ngalande. A tcheyamani sanatsegule chitseko chonse, analankhulira pampata.

"Ndamva, mama. Pepani. Mawa mukangovina muzipita. Ine sindidzafunsa."

"Mawa ndiye akuika."

"Ndikudziwa," anatero, n'kuyang'ana pansi. "Nanenso alipo amene amandiwerenga."

Ndinavina. Anatinyamula pa malole kukucha, tinaima padzuwa, mvula inatiwaza, dzuwa linabweranso. Mwini dziko ndinawaonera patali, munthu wokalamba pakati pa anthu aatali. Nyimbo zonse ndinaimba osalakwitsa, phazi langa silinaphonye ng'oma. Ndinkangoyang'ana nsalu ya mayi amene anali patsogolo panga, n'kumaganiza kuti kaya tsopano atuluka m'nyumba, kaya afika kumanda, kaya ndani wagwira ana anga dzanja. Mayi wina wa kumpopi kuja, amene anali asanandilankhulepo zoposa moni, anandifinya mkono pakati pa nyimbo osanditembenukira. Nkhani inali itawafika.

Ndinakafika ku Ntcheu anthu atabalalika, patsala achibale okhaokha. Anandiperekeza kumanda, ndinapeza dothi lofiira litaunjikidwa kale, nkhata zitayamba kufota. Ana anga anali atatalika, ndipo wamng'ono poyamba anandibisalira kumbuyo kwa azakhali ake.

Malume anandiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Khala konkuno," anatero. "Nyumba ya mayi ako iyi, munda uwo, ana azolowera. Mwamuna wako akadzamasuka adzakupeza."

Ndinafuna. Kunali kouma, zovala zinkauma tsiku lomwelo, ndipo aliyense amene ankalankhula ndinkamumva. Koma ndinkadziwa kuti ndikapanda kubwerera, munthu womwetulira wa ku ofesi uja adzati wanena zoona, mkazi watsogoladi. Ndinamanga zovala za ana m'nsalu ya mayi, tinakwera basi ya kumpoto.

Tinapeza amuna anga ali pakhonde, ataonda. Ananyamula wamng'ono, wamkulu anamugwira pamutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire ku Mzuzu ndinawamva akuseka mokweza. Nditalowa m'chipinda kuti ndione poyala mphasa ya ana, ndinasuzumira pansi pa bedi. Nsanza ija panalibe. Alamu anali ataima pachitseko.

"Musafune," anatero. "Lamulungu lapitali ndinakaponya m'mbale ya chopereka."

"Alamu! Nanga a tcheyamani akadzakafuna?"

"Akakafunse kwa amene ndinamupatsa."

Anatuluka. A tcheyamani sanadzafunse, ndipo ife sitinawauze. Anapitiriza kukweza dzanja kutsidya kwa ngalande, ifenso n'kumakweza lathu.

M'mawa mwake ndinatenga ana kupita nawo ku sukulu ya pafupi kuti akayambe. Mphunzitsi wamkulu anali bambo wa msinkhu wa amuna anga. Anafunsa ana makalasi awo, anawamvetsera akulankhula, n'kufunsa kumene tachokera. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo awo amagwira ntchito yanji?"

"Ndi aphunzitsi."

"Ali sukulu iti?"

"Akudikira," ndinatero.

Anaoneka kuti kudikira kumeneko akukudziwa. Anagwedeza mutu, anaitana mtsikana wina amene ankadutsa pakhonde, n'kumuuza m'Chitumbuka kuti awalondolere ana anga ku makalasi awo.